Mpanda wa Maisie Fawcett ndi mkangano wa ng'ombe pamapiri a Bogong

Kwa zaka zoposa 60, oweta ng'ombe ndi akatswiri a zomera m'chigawo cha Victoria ku Australia analimbirana udzu wa pamwamba pa Bogong High Plains. Malowa ndi okwera mamita oposa 1,600, ndipo nyengo yozizira amakutidwa ndi chipale chofewa. Azungu anayamba kukwezako ziweto m'zaka za m'ma 1850. Chipale chikasungunuka, abusa okwera pa akavalo ankakusira ng'ombe kumapiriko cha mu Disembala, n'kukazitsitsa cha mu Epulo. Ankatenthanso tchire kuti kuphuke msipu wanthete.

Vuto linagona pa ziboda. Azungu asanafike, ku Australia kunalibe nyama ya ziboda, choncho zomera za kumapiriko ndi nthaka yake yofewa zinali zisanapondedwepo ndi chinyama cholemera chotero. Moto woopsa wa mu 1939 utadutsa, nthaka inakokoloka kwambiri. Mu 1941 boma linatumiza Maisie Fawcett, katswiri wa zomera wa pa yunivesite ya Melbourne, ku tauni ya Omeo kuti akafufuze kukokolokako m'madera amene madzi ake amathera m'damu la Hume. Mayiwa anaphunzira kukwera kavalo n'kumayenda limodzi ndi abusawo. Mu 1945 anatchinga malo ndi mpanda ku Rocky Valley, kenako ena ku Pretty Valley, kuti ng'ombe zisalowemo, ndipo anayamba kuwerenga zomera za mkati ndi za kunja.

Mpandawo unaulula kuti ng'ombe sizidya chisawawa, zimasankha. Timaluwa ta masamba otambalala monga Celmisia ndi Craspedia tinkachepa kunja, koma mkati tinachulukana n'kutseka mipata ya pakati pa mapando a udzu. Kunja dothi linkakhalabe poyera, chisanu n'kumalifukula, mphepo ndi mvula n'kumalitenga. M'madambo zinthu zinali zoipa koposa. Ndere ya mtundu wa Sphagnum imasunga madzi ngati siponji n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ng'ombe zikaipondaponda pokamwa madzi, dambo limang'ambika ngalande n'kuuma. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 nkhosa ndi akavalo zinachotsedwa pamalowa, kutentha tchire kunaletsedwa, ndipo ng'ombe zinachepetsedwa.

Abusa sanagonje, ndipo ine sindiwaona ngati anthu osamva. Makolo awo ndiwo analambula njira zokusiramo ng'ombe kumapiriko ndi kumanga tinyumba tobisalamo chisanu, ndiye kuwachotsa kunali kuwalanda mbiri yawo. Mfundo yawo yaikulu inali yoti ng'ombe zikadya udzu, moto umachepa mphamvu. Poyamba zinkaoneka ngati akunena zoona, chifukwa m'mbali zina za mkati mwa mpanda zitsamba zinakula n'kuwirira. Apa m'pamene kudikira kunathandiza. Patatha zaka makumi angapo, zitsamba zina zokalamba zinayamba kufa, udzu n'kulowa m'malo mwake. Mbewu za zitsambazi zimamera padothi lapoyera, lomwe ng'ombe ndi moto zimasiya, osati pa udzu wothithikana.

Moto wa mu 2003 unayesa mfundo ya abusa ija. Akatswiri atayendera malo opsa, anapeza kuti panalibe kusiyana pakati pa malo odyetsera ndi osadyetsera. Chimene chinapsa ndi zitsamba zowirira, malo 87 pa 100 alionse, pomwe pa udzu panapsa malo 13 okha pa 100. Ng'ombe zimakonda kudya pa udzu womwe suyaka kwenikweni, n'kusiya zitsamba zoyaka zija.

Mu 2005 boma la Victoria linathetsa ziphaso zodyetsera ziweto mu Alpine National Park, paki yomwe muli Bogong High Plains. Boma lina litalowa, linabwezamo ng'ombe pafupifupi 400 mu 2011 ponena kuti ndi kafukufuku wochepetsa moto, koma boma lalikulu la ku Canberra linalamula kuti zituluke. Boma la Victoria linayesanso ku chigwa cha Wonnangatta, m'paki yomweyo, mu 2014, ndipo mu 2015 nyumba ya malamulo ya Victoria inakhazikitsa lamulo loletseratu ng'ombe m'pakiyo.