Chenjezo la ngozi pa wailesi ya m'dera lanu: mafunso ndi mayankho

Dzinja likafika, anthu a m'chigwa cha Shire ndi a m'munsi mwa phiri la Mulanje amatchera khutu ku wailesi za m'madera mwawo, monga Nyanthepa ndi Gaka ku Nsanje kapena Mzati ku Mulanje. Ambiri amamva chenjezo koma sadziwa njira imene uthengawo wayenda. Ndi bwino kuidziwa, popeza mbali yaikulu ya njirayo ndi inu omvera.

Uthenga wa ngozi umachokera kuti usanaulutsidwe?

Umachokera mbali ziwiri. Wina umatsika kuchokera kuboma: nthambi yoona za nyengo imalosera za mvula yamphamvu ndi anamondwe, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imatulutsa chenjezo, ndipo ofesi ya bwanamkubwa imanena zoyenera kuchitika m'bomalo. Wina umakwera kuchokera kumudzi: makomiti oona za ngozi a m'midzi, mafumu, alangizi a zaumoyo, anthu odzipereka a Red Cross, ndi makalabu omvera wailesi. Uthenga wakuboma umanena kuti m'chigawo chakummwera mugwa mvula yambiri masiku atatu akubwerawa. Wakumudzi ndi umene umanena kuti kamlatho ka pamsika kamizidwa, ana asawoloke popita kusukulu. Wailesi ya m'dera ntchito yake ndi kulumikiza mauthenga awiriwa.

Bwanji osangomvera MBC kapena Zodiak?

Muzimvera ndithu. Koma wailesi yoyankhula ndi dziko lonse singatchule dambo lililonse ndi dzina lake, ndipo siyankhula Chisena kapena Chilhomwe tsiku lonse. Gogo amene wamva chenjezo m'chiyankhulo chake, kuchokera kwa muulutsi amene amamudziwa makolo ake, amanyamuka msanga.

Za madzi osefukira, wailesi imadziwa bwanji kuti madzi akubwera kumene sikunagwe mvula?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Madzi amene amamiza midzi ya ku Nsanje nthawi zambiri sagwa ku Nsanje. Mtsinje wa Ruo umayambira m'phiri la Mulanje, n'kuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Mvula ikakhuthuka kuphiri usiku, munthu wa ku Makhanga amatha kugona kumwamba kuli nyenyezi, madzi n'kumupeza pamphasa. Mu Januwale 2015 dera la Makhanga linazingidwa ndi madzi, anthu n'kumafikiridwa pa ndege kapena pa bwato basi.

N'chifukwa chake m'mitsinje ina anaika mitengo yoyezera madzi yopakidwa penti wa mitundu itatu. Wobiriwira ndiye kuti zili bwino, wachikasu ndiye kuti konzekani, wofiira ndiye kuti thawirani kumtunda. Munthu wosankhidwa ndi mudzi amakaona mtengowo, makamaka mvula ikamagwa, n'kuimbira anzake a kumunsi kwa mtsinje ndiponso wailesi. Akumunsiwo amaliza ng'oma, wenzulo kapena chokuzira mawu. Nthawi imene madzi amatenga kuchoka kumtunda kufika kumunsi ndiyo nthawi yonse imene anthu ali nayo yomasula mbuzi, kunyamula ana ndi okalamba. Wailesi yanzeru imakhala ndi manambala a anthu akumtundawa mvula isanayambe, ndipo imawaimbira yokha osadikira kuti iwo aimbe, poti mayunitsi amatha. Kunena zoona, munthu woyenda ndi tochi usiku kukaona mtsinje popanda malipiro ndi amene sitimuthokoza mokwanira.

Aliyense akangoimba foni kunena za ngozi, amaulutsa pomwepo?

Ayi, ndipo sayenera kutero. Mtolankhani amafunsa woimbayo kuti ali kuti, waona yekha kapena wamva, nanga zachitika nthawi yanji. Kenako amaimbira munthu wina wa dera lomwelo amene sakugwirizana ndi woyambayo, monga nyakwawa, mphunzitsi wamkulu, wapolisi kapena wa pachipatala chaching'ono. Chithunzi cha pa WhatsApp pachokha si umboni, popeza zithunzi za madzi osefukira a zaka zapitazo zimabwereranso chaka chilichonse ngati zatsopano.

Tisaiwale za 2017. Mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mawu otuluka pa wailesi anthu amawatenga ngati choonadi, choncho mphekesera ikadutsa pa maikolofoni imakhala yavala jekete. Lamulo nalonso lilipo: gawo 60 la malamulo a milandu limaletsa kufalitsa nkhani zabodza zodzetsa mantha pakati pa anthu, ndipo wailesi iliyonse imayendera chiphaso cha bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA chimene chili ndi mfundo zake.

Nanga kutsimikizako sikuchedwetsa uthenga anthu n'kufa?

Funso ili ndi lolemera, ndipo yankho langa ndi lakuti mauthenga salemera mofanana. Uthenga wouza anthu kuti asamukire kumtunda ukakhala wolakwika, chotayika ndi tulo ta usiku umodzi. Ukachedwa, chotayika ndi moyo. Choncho chenjezo lotere liyenera kutuluka msanga, muulutsi n'kunena poyera kuti lachokera kwa ndani ndiponso kuti akufufuzabe. Koma chiwerengero cha omwalira, dzina la woganiziridwa mlandu, kapena nkhani yoti damu laphulika, izi zidikire umboni. Kufulumira nazo sikupulumutsa munthu aliyense.

Chifukwa chiyani satchula mayina a omwalira ngakhale mudzi wonse ukudziwa?

Chifukwa mwana wa malemuyo mwina ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo masiku ano kachidutswa ka pulogalamu kamafika pa foni yake m'mphindi zochepa. Uthenga wa maliro uli ndi eni ake. Wailesi imadikira apolisi kapena achipatala atsimikize, abale auzidwe, kenako ilengeze.

Magetsi ndi netiweki zikathima?

Izi zimachitika nthawi imene wailesi ikufunika kwambiri. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anasiyanso madera ambiri mumdima. Wailesi zina zili ndi jenereta kapena magetsi a dzuwa, koma zambiri zimadalira ndalama zochepa za malonda ndi mauthenga a omvera, ndiye mafuta a jenereta ndi vuto lenileni. Mpofunika kuti makhonsolo aziika mafutawa m'ndondomeko yawo yokonzekera ngozi. Kwa inu, sungani mabatire a wailesi yam'manja m'pepala la pulasitiki. Mafoni ambiri ang'onoang'ono ali ndi FM, imene imagwira popanda mayunitsi kapena bandulo, bola mulumikize zomvera m'khutu.

Ndi ngozi za madzi zokha?

Ayi. Kunyanja, wailesi monga Dzimwe ya m'boma la Mangochi ndi ya Nkhotakota zili ndi omvera ambiri amene ndi asodzi, ndipo chenjezo la mphepo ya mwera limawathandiza kudziwa tsiku losalowa m'madzi. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, uthenga wofunika unali wosavuta: kumene kuli msasa wa odwala, kathiridwe ka klorini m'madzi, ndi kamwedwe ka thanzi ORS panjira yopita kuchipatala.

Ine ndikaona ngozi ndiimbe bwanji?

Yambani ndi amene angapulumutse anthu: komiti ya m'mudzi, mfumu, apolisi, achipatala. Kenako wailesi. Tchulani dzina lanu, mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu, chifukwa midzi ya mayina ofanana ndi yambiri. Nenani zimene maso anu aona: madzi afika m'mawondo kapena m'chiuno, akukwera kapena akutsika, msewu uti ukudutsika. Zimene mwangomva munene kuti mwangomva. Musathimitse foni mukatha, chifukwa adzakuimbiraninso kufunsa ngati zinthu zasintha.

Madzi akaphwa, ntchito ya wailesi yatha?

Imasintha chabe. Mabanja amene anathawira m'misasa yosiyana, nthawi zambiri m'sukulu ndi m'matchalitchi, amafunafuna ana ndi abale awo, ndipo wailesi imawerenga mayina a osowa ndi a opezeka mobwerezabwereza. Imalengezanso tsiku, malo ndi kuchuluka kwa thandizo loyenera kufika pabanja lililonse. Mayi amene wamva pa wailesi kuti thumba la chimanga ndi la makilogalamu 50 ndiponso kuti ndi laulere, akapatsidwa theka kapena akauzidwa kuti alipire kuti dzina lake lilembedwe, amatha kukadandaula kukomiti ya pamsasa kapena kuofesi ya bwanamkubwa ali ndi poyambira.