Amayi Asanakhale Mbumba za Kamuzu: Rose Chibambo ndi Sepitembala wa 1964

Pa nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, mkangano wakale unabukanso m'manyuzipepala ndi pa wailesi: kodi n'koyenera kuti amayi azivekedwa nsalu za chipani, kukwezedwa m'malole ndi kukavina pamaso pa atsogoleri, pamene mipando yambiri ya pansanja yakhalidwa ndi abambo? Ena amati mchitidwewu umanyozetsa amayi ndipo uyenera kutha. Ena amayankha kuti ndi chikhalidwe chathu, kuti mphamvu ya mkazi weniweni ili m'nyimbo, m'chimtali ndi m'nthungululu, ndipo wofuna kuletsa zimenezi watengeka ndi maganizo achilendo. Mbali ziwirizi zimakonda kudumpha zaka zochepa koma zofunika, pamene amayi omwewo oyimba nyimbo za ndale anali ndi bungwe lawolawo ndi mtsogoleri woti akhoza kuuza mwini chipani kuti walakwitsa.

Mtsogoleriyo anali Mayi Rose Chibambo, omwe anabadwa pa 8 Sepitembala 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba. Anakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, wogwira ntchito m'boma, ndipo zandale anaziyambira ku Zomba cha m'ma 1952, pamene atsamunda ankakonza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimene chinakhazikitsidwa mu 1953. Nkhani yotchuka imati iwo anasonkhanitsa akazi anzawo n'kupita nawo kumsonkhano kumene mafumu ankanyengereredwa kuti avomere chitaganyacho. Nkhaniyi timaidziwa makamaka kuchokera pakamwa pa eni ake, monga anaifotokozera atakalamba, ndipo wolemba mbiri wosamala amadziwa kuti chikumbumtima cha munthu chimasalaza zina. Komabe zimene zinatsatira zikugwirizana nayo: atasamukira ku Blantyre analowa chipani cha Nyasaland African Congress, napatsidwa udindo m'nthambi ya kumeneko, ndipo pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ntchito yomema amayi inali itayamba kale.

Amayi a nthawi imeneyo ankavina, ndipo mfundo imeneyi otsutsa magule a ndale sayenera kuibisa. Nyimbo zonyoza chitaganya ndi nduna yake yaikulu, Roy Welensky, zinkapekedwa ndi amayi eni ake, ndipo zinkafika kumidzi kumene nyuzipepala sinkafika. Koma kuvinako kunali mbali imodzi chabe ya ntchito yawo. Iwo ankagulitsa makadi a chipani, kusonkha ndalama, kuchita zionetsero ndi kusamala mabanja a omangidwa. Boma la atsamunda linkadziwa kulemera kwa ntchitoyi, chifukwa bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, n'kumanga anthu oposa 1,300, Mayi Chibambo sanasiyidwe. Anali ndi pakati, choncho anadikiridwa kuti achire, kenako anatengedwa kundende ya Zomba pamodzi ndi khanda lawo, limene linapatsidwa dzina loti Gadi. Malipoti a boma a chaka chimenecho, kuphatikizapo la komiti ya Devlin imene inafufuza za chipwirikiticho, amadzaza masamba ndi mayina a amuna. Amayi ambiri amene anayenda m'misewu ndi kugona m'zitokosi sanalembedwe ndi mayina, ndipo mpata umenewo m'mbiri yathu sudzatsekekanso chifukwa ambiri a iwo anatisiya.

Atatuluka m'ndende, Mayi Chibambo anatsogolera League of Malawi Women pansi pa Malawi Congress Party (MCP), mogwirizana ndi amayi ena monga Vera Chirwa. Pofika chaka cha ufulu, 1964, anali phungu wa Mzimba South komanso wachiwiri kwa nduna, mkazi woyamba kufika pa udindo wotero m'dziko muno.

Patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu pa 6 Julayi 1964, nduna zinasemphana ndi Dr. Banda, amene anali nduna yaikulu. Madandaulo awo anali angapo: kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, lipoti la Skinner limene linakhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndiponso chizolowezi cha nduna yaikulu chogamula zinthu yokha n'kumatcha anzake anyamata ake pagulu. Panalinso nkhani ya tiki, ndalama ya mapeni atatu imene odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala za boma. Olemba mbiri ambiri amaitchula mongodutsa, koma kwa mtsogoleri wa amayi inali nkhani yaikulu, pakuti wobereka mwana wodwala kumsana kupita naye kuchipatala ndi mayi, ndipo ndi iye amene ankabwezedwa pakhomo akasowa tikiyo.

Pa 7 Sepitembala, Dr. Banda anachotsa pa udindo Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo posonyeza kugwirizana ndi anzawo, ndipo Henry Masauko Chipembere anachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Pa 8 Sepitembala, tsiku limene linali lokumbukira kubadwa kwa Mayi Chibambo, nyumba ya malamulo inakumana ku Zomba kukambirana ngati ikukhulupirirabe nduna yaikulu. Zokambirana za pa 8 ndi 9 Sepitembala zinalembedwa m'kaundula wa nyumbayo, ndipo ndi umboni wolimba kuposa nkhani zapakamwa zimene zinafala pambuyo pake, chifukwa zinalembedwa mbali iliyonse isanakonze mbiri yake. Mayi Chibambo anaimirira m'nyumba yodzaza amuna nadziteteza. Ochotsedwawo sanavotere zogwetsa Dr. Banda, chimene ankapempha chinali choti amvedwe. Zimenezo sizinawapulumutse. Anachotsedwa m'chipani, anatchedwa zigawenga, ndipo Mayi Chibambo ndi banja lawo anathawira ku Zambia, kumene anakhala zaka pafupifupi makumi atatu.

Kwa ine, apa ndi pamene mbiri ya amayi m'ndale za Malawi inakhotera. Otsatira Dr. Banda anganene, ndipo ali ndi mfundo, kuti dziko laling'ono losauka limene linali litangobadwa silikanapirira boma logawanika, ndiponso kuti amayi ambiri anasankha okha kukhala kumbali ya Ngwazi. Koma bungwe la amayi linaphunzira kuti ngakhale mayi amene analowa m'ndende ndi khanda chifukwa cha ufulu akhoza kufafanizidwa m'sabata imodzi akangonena zosiyana ndi mtsogoleri. Nyimbo zimene zinkanyoza Welensky zinatembenuzidwa kuti zizinyoza Chipembere ndi Chiume.

M'zaka zotsatira Dr. Banda anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko anakhala mbumba zake. Chithunzichi anachitenga m'chikhalidwe cha Achewa, kumene mwamuna amayang'anira alongo ake ndi ana awo, ndipo anachiyala pa dziko lonse, kuphatikizapo madera ngati Mzimba kumene mwana amatsata bambo. Anatengako theka lokha. Kumudzi, mwini mbumba amafunsidwa ndi mbumba yake, ndipo amayi aakulu a m'banja lachifumu ndi amene amaloza woyenera kulowa ufumu. Mbiri ya Amaravi imakumbukira Nyangu, mayi wa Kalonga, ndi Makewana wa ku Msinja amene ankayang'anira kachisi wa mvula. Ulamuliro wa akazi sunabwere ndi alendo. Mbumba za ndale zinalibe mphamvu yofunsa nkhoswe yawo chilichonse. Zinkayembekezeredwa kusiya minda ndi mabanja kukaphunzira magule, ndipo a Youth League, gulu la achinyamata a chipani, ankaonetsetsa kuti palibe wotsala. Mu 1973 lamulo la kavalidwe linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo boma linakhala wogamula wa chimene mkazi wolongosoka ayenera kukhala.

Chilungamo chikufuna kuti tinenenso zimene amayi ena anapindula. Dr. Banda ankadzudzula poyera amuna ozunza akazi, atsogoleri ena a mbumba anamangiridwa nyumba, ena anakwera ndege, ndipo bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, lokhazikitsidwa mu 1985 motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira, linaphunzitsa ambiri ntchito zamanja. Agogo amene amakumbukira masiku amenewo ndi chimwemwe sakunama. Koma zonsezo zinali mphatso zochokera m'dzanja limodzi, ndipo dzanja lomwelo linasunga Vera Chirwa m'ndende kuyambira kumapeto kwa 1981 mpaka Januwale 1993, mwamuna wawo Orton atamwalira kale m'ndende ya Zomba.

Pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, lamulo la kavalidwe linathetsedwa ndipo kukakamiza kuvina kunatha. Mayi Chibambo anabwerera kwawo mu 1994. Nkhope yawo inaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012, chaka chimene Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo anamwalira mu Januwale 2016. Zipani zatsopano, zimene zinkadzudzula MCP pa nkhani ya mbumba, zinasindikiza nsalu zawozawo, ndipo m'malo mwa chikwapu munalowa kandalama kogawidwa msonkhano ukatha. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linalamula kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, koma silikhudza momwe zipani zimasankhira oimira awo, ndipo kumeneko mayi wofuna mpando amapikisanabe pa zisankho zachipulula ndi amuna amene ali ndi ndalama zobwerekera malole onyamula ovina.