Kakitasi wanu sakufa ndi ludzu

Sabata siitha popanda munthu kufika pa nazale pano atanyamula mphika, nkhope ili yakugwa, n'kundifunsa kuti: "Kakitasi wangayu akufota, ndizimuthirira kangati pa tsiku?" Pa tsiku! Ndikangomva mawu amenewo ndimadziwiratu zomwe ndipeze ndikamuzula. Mizu yakuda, yoterera ngati therere, ndi fungo lija la chinangwa chomwe chakhalitsa m'madzi.

Ndanena ndatopa. Pa makakitasi onse odwala omwe anthu andibweretsera, sindikumbukirapo mmodzi yemwe anafa chifukwa chomumana madzi. Chomwe chimachitika n'chakuti mizu ikawola chomeracho sichingamwenso, ndiye chimayamba kukwinyika ngati chaludzu. Mwiniwake akaona makwinya amathamangira kumpopi, kuthira madzi pa mizu yomwe yaphedwa kale ndi madzi omwewo.

Zomerazi kwawo ndi ku America, kuyambira ku Canada mpaka kumunsi kwa Argentina ndi Chile, ndipo zambiri zomwe timasunga m'miphikazi n'za ku Mexico. Masana zimatseka timabowo tomwe zimapumira, n'kutitsekula usiku kukazizira. N'chifukwa chake madzi omwe chimanga chingamalize tsiku limodzi, kakitasi amakhala nawo milungu. Thupi lakelo ndi thanki. Chomwe alibe ndi mizu yopirira matope.

Tsono anthu amatenga dothi lakuda la kudimba, kusakaniza ndi manyowa a nkhuku, n'kuika m'chitini chokongola chopanda bowo pansi. Ena amati, "Koma ndinayala timiyala pansi pake." Timiyala si bowo, madzi alibe kotulukira. Ine ndimasakaniza mchenga wokhakhala wa kumtsinje, njerwa zootcha zophwanyaphwanya, makala pang'ono, ndi dothi losapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Mchenga wosalala uja wa pulasitala ayi, umagwirana ngati simenti. Mphika wadothi umaposa wapulasitiki chifukwa umapuma. Mukathirira, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, kenako muiwaleni mpaka dothi liume kufika pansi penipeni. Bayani kamtengo kouma, kakatuluka konyowa bwererani m'nyumba. Kalendala ya masiku othirira musandifunse, ndilibe. Okutobala wa ku Nsanje ndi Juni wa ku Dedza si zinthu zoti n'kuzilembera lamulo limodzi.

Vuto lathu lalikulu ndi dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kakitasi wa mumphika safunika kukhala pamtetete. Mulowetseni pakhonde pomwe dzuwa likufika koma mvula siikufika, ndipo musamuike pomwe madzi a padenga amagwera. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje muli ndi lina, chiperoni. Kuzizira ndi chinyezi zikakumana m'mwezi wa Juni kapena Julayi, chomeracho chimakhala chitagona, sichikumwa, ndipo madzi aliwonse omwe ali m'dothi amangodikira kuwoletsa.

Pali nkhani imodzi yomwe mpaka pano siinandichoke mumtima. Mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, anali ndi kakitasi wobulungira uja wa minga yachikasu, Echinocactus grusonii, yemwe ambiri amamutcha golden barrel. Anamubzala malemu amuna awo, ndipo anali atatha zaka zoposa 20, wamkulu ngati ndowa. Amene amasunga mtundu umenewu akudziwa momwe umakulira mwaulesi. Ngakhale kwawo ku Mexico watsala wochepa m'tchire, pakuti damu la Zimapán, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1990, linamiza malo ambiri omwe unkamera.

Unali mwezi wa Januwale. Mayiwo anadutsa pa nazale n'kundiuza ali chiimire kuti kakitasi wawo wachita kachikasu kumunsi, mbali imodzi. Ndinali ndi makasitomala ena atatu, ndiye ndinangoti, "Mayi, siyani kaye kuthirira." Basi. Sindinawafunse ngati pachikasupo panali pofewa. Sindinawauze kuti abwere naye tsiku lomwelo.

Anapita, nadikira sabata. Ataona kuti sizikusintha anafunsa mnyamata wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Iyeyo anawauza kuti chomeracho chikusowa chakudya, n'kuwagulitsa madzi abuluu m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro chilichonse, n'kuwalangizanso kuti athirepo Urea pang'ono ngati wa kumunda. Fetelezayo amafunika madzi, ndiye anathiriranso.

Anabwera naye patatha milungu itatu, atamukulunga m'chitenje pampando wakumbuyo kwa galimoto. Pamwamba ankaoneka bwinobwino, minga ili ngwee. Nditamupendeketsa, pansi panatsala mumphika. Ndinayesabe. Ndinadula pamwamba pa chowolacho, pakati panali pabulauni. Ndinadulanso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinali nditafika pafupi ndi nsonga, ndipo mzere wabulauni uja unali utafika kale. Mtundu umenewu kawirikawiri umakhala mutu umodzi wokha, panalibe mwana woti n'kuchotsa. Mayiwo sanandinene kanthu. Anangopempha kuti ndiwatsukire mphikawo, napita nawo.

Mnyamata wa madzi abuluu uja ndimamukwiyira, koma masiku oyamba aja anataika pa nazale yanga.

Ndiye ndimvereni. Kuwola kwa kakitasi kumayambira pansi ndi m'kati, kumakwera ndi mitsempha yapakati, ndipo khungu ndi lomwe limaulula komalizira. Mukaona pachikasu kapena pakuda, dinani ndi kamtengo. Pakakhala polimba ngati khungwa la mtengo, ndi ukalamba chabe, musiyeni. Pakakhala pofewa, ntchito ndi ya lero. Muzuleni, mugwire ndi nyuzi yopindapinda, pukutani mpeni wakuthwa ndi sipiriti, dulani pamwamba pa chowolacho. Mukapeza ngakhale kadontho kabulauni, pukutaninso mpeni, dulaninso pamwamba pake mpaka mnofu uonekere woyera wokhawokha. Chidutswacho chiikeni pamthunzi podutsa mphepo, osachibzala, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chikakhala chachikulu mwezi wathunthu, mpaka bala liume gwa. Kenako chikhazikeni pa dothi louma, latsopano, ndipo musathirire mpaka mizu iyambe. Anthu amalephera pomwepa, pa kudikira. Amaona ngati akuchizunza.

Chomera chodwala sachipatsa feteleza. Ngakhale wabwinobwino, kakitasi amangofuna pang'ono kwambiri, m'nyengo yomwe akukula. Urea amamutupitsa n'kumufewetsa, asanduke ndiwo ya matenda. Mukaona toyera ngati thonje pakati pa minga, amenewo ndi akodikodi, abale ake a aja amavuta pa chinangwa. Kathonje konyika mu sipiriti kamathana nawo, koma muyang'anenso ku mizu chifukwa ena amabisala kumeneko. Simukufunika botolo la munthu yemwe sangakuuzeni zomwe zili m'kati mwake.

Sindikunyoza mavenda onse, ena amadziwa ntchito yawo kuposa ife a m'manazale. Koma pali chinyengo chomwe ndachiona kokwanira. Kakitasi wamng'ono wokhala ndi duwa lowala lomwe silifota miyezi ndi miyezi, likokeni pang'ono, mupeza guluu. Ndi duwa louma la chomera china, lomatidwa. Timipira tofiira, tachikasu ndi tapinki tomwe timakhala pamwamba pa tsinde lobiriwira ndi zomera ziwiri zolumikiza. Kapamwambako, Gymnocalycium mihanovichii, kalibe zobiriwira zopangira chakudya, kamadyera kwa mnzake wapansiyo, yemwe nthawi zambiri ndi m'bale wa kakitasi wobereka chipatso chotchedwa dragon fruit. Ukwati umenewu sukhalitsa, zaka zochepa chabe. Gulani ngati mwakonda, koma wogulitsa akuuzeni zoona. Ndipo akakuuzani kuti kakitasi amakhala paliponse, ngakhale pa desiki ya mu ofesi yopanda zenera, dziwani kuti akufuna ndalama yanu. Mumdima amatalika moonda, nsonga yotuwa, ndipo kuonda kumeneko sikubwerera. Mukamutulutsa mwadzidzidzi pa dzuwa la Okutobala amapsa. Muzolowezeni pang'onopang'ono.

Alipo mmodzi yemwe malamulo onsewa samukhudza mofanana, Schlumbergera, uja wa timagawo tophwatalala tolendewera. Kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a ku Brazil, amamera pa mitengo ndi pa miyala, amafuna mthunzi ndi madzi ochulukirapo. Azungu amamutcha wa Khirisimasi, koma kuno kumwera kwa dziko lapansi amachita maluwa cha m'Meyi ndi Juni.

Chomwe chimandiopsa kuposa zonse ndi zomera zomwe si kakitasi n'komwe. Zambiri zazitali, za nthiti ndi minga ziwiriziwiri, zomwe zimagulitsidwa ndi dzina la kakitasi, ndi za mtundu wa Euphorbia, abale ake a nkhadze. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Minga ya kakitasi imatuluka pa kamtsamiro kaubweya, ya zinazi imatuluka pa khungu lenilenilo. Bayani ndi singano: kukatuluka utomoni woyera ngati mkaka, samalani. Makakitasi ochepa a mtundu wa Mammillaria nawonso ali ndi utomoni woyera, koma iwo ndi timipira ta timabere, simungawasokoneze ndi zazitalizi. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa zomwe nkhadze imachita m'maso, koma munthu yemweyo amaika m'bale wa nkhadzeyo pa tebulo m'chipinda chochezera, pomwe ana akusewera, chifukwa anamuuza kuti ndi kakitasi. Podula valani magolovesi, ndipo musadzikande kumaso. Utomoniwo ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, osatikita, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena zitsamba zofinya zomwe a neba angakuuzeni, ndipo musadikire kuti muone mmene kuchere.