Nkhani ya kupha munthu imalembedwa kawiri

Nkhani zaupandu zimene olemba ongoyamba kumene amandipatsa kuti ndiwawerengere zimayamba bwino pafupifupi zonse. Mtembo wapezeka, apolisi afika, abale akulira, ndipo wowerenga ali tcheru kufuna kudziwa kuti wachita zimenezi ndani. Zinthu zimasokonekera pakati. Wofufuza amayamba kungozungulira, kufunsa uyu, kufunsa uyo, osapeza chogwirika, kenaka kumapeto kumatulukira munthu amene sitinamuonepo n'kuvomera yekha kuti ndiye anapha. Ndikamufunsa mlembi kuti wakuphayo anamudziwa liti, amayankha kuti anamudziwira kumapeto komweko, limodzi ndi ife owerenga. Gwero la vuto lonse lili pamenepo.

Mu 1966 katswiri wa zolembalemba Tzvetan Todorov, wobadwira ku Bulgaria koma wokhala ku France, analongosola kuti m'nkhani yofufuza mlandu mumakhala nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya mlandu weniweniwo: ndani anapha, chifukwa chiyani, anachita bwanji, anabisa motani. Imeneyi imakhala itatha kale pamene buku likuyamba. Yachiwiri ndi ya kufufuza, ndipo ntchito yake ndi kufukula yoyamba ija pang'onopang'ono. Wowerenga amalandira yachiwiri yokha. Koma inu mlembi simungalembe yachiwiri musanamalize yoyamba, pakuti simungabise chinthu chimene simukuchidziwa.

Ndiye musanalembe chiganizo choyamba cha buku lanu, tengani pepala lapadera ndipo mulembe za mlanduwo monga zinachitikira, motsatana ndi nthawi yake, mukuonera kumbali ya wakuphayo. Pepala limeneli palibe adzaliwerenge, choncho musavutike ndi kukometsa mawu. Lembani ola ndi ola. Anafika nthawi yanji, analowera khomo liti, anagwira chiyani, anaiwala chiyani, ndani anamuona osadziwa kuti akuona chinthu chofunika. Lembaninso kumene wina aliyense wa apangankhani anu anali pa maola amenewo, ngakhale amene alibe mlandu.

Tiyeni tipange chitsanzo chathu. Mwini kampani yaing'ono wapezeka atafa mu ofesi yake m'mawa, zenera lili loswedwa, ndalama zina zasowa. Aliyense akuti ndi mbava. Koma papepala lanu lobisika mwalemba zoona zake. Wosunga mabuku a ndalama wakhala akutapa pang'onopang'ono kwa zaka zitatu kuti alipirire mankhwala a mwana wake wodwala. Bwanayo wazindikira, wamuitana madzulo anthu onse ataweruka, amwa tiyi limodzi, ndipo wamuuza kuti mawa nkhaniyi ikafika kupolisi. Wosunga mabukuyo wamukantha ndi chitsulo chimene chinali patebulo. Mantha atamugwira, waswa zenera, watenga ndalama kuti zioneke ngati kuba, ndipo watsuka kapu imene anamwera n'kuibweza m'kabati momwe makapu amakhala.

Onani zimene pepala limeneli lakupatsani. Chifukwa chophera chilipo, ndipo n'cholemera. Munthuyu sanabadwe chigawenga. Ndi kholo limene linapanikizika mpaka kuchita choipa chachikulu, ndipo wowerenga akadzadziwa zoona adzamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Pankhani ya chifukwa ndimaumirira kwambiri. Anthu saphana chifukwa chongoti mlembi akufuna mtembo. Amaphana chifukwa cha mantha, nsanje, chuma, manyazi, kubwezera kapena kuteteza wina amene amamukonda, ndipo nthawi zambiri wakupha ndi wophedwa amakhala odziwana. Mukalemba kuti wakuphayo anali wamisala basi, mwathawa ntchito, ndiponso mwanamizira anthu odwala maganizo, amene ambiri a iwo savulaza aliyense.

Pepalali lakupatsaninso kapu ija. Mu 1910 katswiri wofufuza umboni wa milandu Edmond Locard anatsegula labotale ya apolisi mumzinda wa Lyon ku France, ndipo mfundo imene amadziwika nayo mpaka lero ndi yakuti munthu akakhudzana ndi chinthu kapena malo, amasiyapo kanthu ndipo amatengapo kanthu: tsitsi, fumbi, ulusi wa chovala, chidindo cha chala. Kwa mlembi mfundoyi ili ndi phindu lina. Kuyesa kufafaniza umboni nakonso kumasiya umboni. Wakupha wathu anatsuka kapu kuti abise zoti panali mlendo, koma kapuyo m'mawa ikadali ndi madzi m'kati, pamene mayi wokonza mu ofesi anatsuka ndi kupukuta makapu onse dzulo masana. Mbava yolowera pazenera siimwa tiyi ndi mwini malo, siitsuka kapu, ndipo singadziwe kabati yoyenera.

Tsopano luso lenileni ndi ili: kapuyo muionetse bwanji kwa wowerenga kuti aione koma asaizindikire? Mukalemba kuti wofufuza anaima, n'kuyang'anitsitsa kapu kwa nthawi yaitali, mwaulula. Mukaibisa osaitchula mpaka kumapeto, mwabera wowerenga. Njira yabwino ndi kuiika pakamwa pa munthu amene akudandaula za zina. Mayi wokonza uja akufunsidwa, ndipo akulira, akunena kuti bwana anali munthu wabwino, kuti malipiro ake a mwezi uno sakudziwa amupatsa ndani, kuti anthu a mu ofesi muno salemekeza ntchito yake, amangoponya makapu onyowa m'kabati, ndiponso kuti usiku uja mlonda sanali pageti. Maso a wowerenga athamangira kwa mlonda. Kapu yadutsa poyera, ndipo pamene wofufuza adzaikumbuke kumapeto, wowerenga adzabwerera m'mbuyo, n'kuipeza ili pomwepo. Chisangalalo chachikulu cha nkhani zamtunduwu chimachokera pa mphindi imeneyo, pamene munthu akuti: ndinaziona ndi maso anga, koma sindinazimvetse.

Pali njira zinanso. Chizindikiro chikhoza kukhala pakati pa mndandanda wa zinthu zopezeka m'thumba la womwalirayo. Chikhoza kubwera mkangano waukulu utatsala pang'ono kubuka, kotero kuti phokosolo likwirira. Chikhozanso kukhala chinthu chimene chikusowa pamalo pamene chinayenera kukhala, monga makiyi, magalasi amaso kapena foni.

Olemba a ku Britain a m'zaka za m'ma 1920 ankaiona nkhani yotere ngati mpikisano wachilungamo pakati pa mlembi ndi wowerenga. Ronald Knox, amene anali wansembe wa Katolika komanso mlembi wa nkhani zofufuza milandu, anafalitsa malamulo khumi mu 1929. Ena mwa iwo anatha ntchito, koma angapo ndimawaphunzitsabe: wakupha akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, mlandu usathetsedwe ndi mizimu kapena matsenga, wofufuza asapeze yankho mwangozi kapena mongolota, ndipo chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wapeza achionetse kwa wowerenga. Apangankhani anu akhoza kukhulupirira kuti imfayo ndi yamatsenga, ndipo chikhulupiriro chawocho chingakometse nkhani, koma yankho lomaliza likhale ntchito ya manja a munthu. Malamulowa mukhoza kuwaswa, ndipo olemba aluso anawaswadi, koma muziswa mukudziwa chimene mukumulanda wowerenga ndi chimene mukumupatsa m'malo mwake.

Nanga mlonda uja? Apa ndi pamene pakati pa buku, paja pamafooka, pamapezera mphamvu. Woganiziridwa aliyense akhale ndi chinsinsi chake chenicheni chimene chikumuchititsa kunama, ngakhale sanaphe. Mlonda akunama chifukwa anachoka pageti kukaona mkazi wake amene anali kuchipatala, ndipo akuopa kuchotsedwa ntchito. Mkazi wa womwalirayo akunama za kumene anali chifukwa anapita kwa loya kukafunsa za kuthetsa banja, ndipo akudziwa momwe zimenezi ziti zimvekere. Mwana wamwamuna wa womwalirayo akubisa ngongole. Wofufuza akamavundukula mabodza amenewa limodzi ndi limodzi, nkhani imayenda, chifukwa mutu uliwonse ukutha tikudziwa china chatsopano ndipo amene timamukayikira wasintha. Chizindikiro chosocheretsa chimene chilibe chifukwa chenicheni kumbuyo kwake chimakwiyitsa wowerenga. Chimene chamera pa moyo wa mpangankhani chimapangitsa nkhani kuzama, pakuti chimaonetsa kuti imfa ya munthu mmodzi imavula anthu onse omuzungulira.

Womwalirayo musamuiwale. Olemba ambiri amamusandutsa katundu wongoyambitsira nkhani. Mupatseni moyo kudzera m'zonena za otsala, ndipo zonenazo zizitsutsana: kwa uyu anali wachifundo, kwa uyo anali wouma mtima. Kufufuza amene anapha n'kufufuzanso kuti wophedwayo anali munthu wotani. Ndipo polongosola mtembo kapena nkhanza, lembani zokwanira kuti wowerenga amve kulemera kwa chimene chachitika, osapitirira pamenepo. Ena mwa owerenga anu anataya abale awo mwanjira yomweyo.

Za wofufuza ndinena mwachidule. Akhoza kukhala wapolisi, mtolankhani, loya, namwino kapena m'bale wa womwalirayo. Chofunika n'chakuti akhale ndi chifukwa chomveka chosasiyira mlanduwo panjira, akhale ndi kaonedwe kakekake ka zinthu, ndipo azilakwitsa nthawi zina.

Chotsatira ndi kudziwa zoona za ntchito imene mukulemba. Agatha Christie, mlembi wotchuka wa nkhani zofufuza milandu wa ku England, anagwira ntchito mosungira ndi kugawira mankhwala pachipatala ku Torquay pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake poizoni wa m'nkhani zake amagwira ntchito monga amachitira m'thupi la munthu. Arthur Conan Doyle, mlembi wa nkhani za wofufuza Sherlock Holmes, anali dokotala, ndipo kapenyedwe ka wofufuza wake anakatengera kwa mphunzitsi wake wa ku Edinburgh, Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongomuyang'ana. Simukuyenera kukhala dokotala, koma mukuyenera kufunsa ndi kuwerenga. Mwachitsanzo, dokotala wopima mtembo sanganene kuti munthu anafa 9:15 ndendende. Amapereka mpata wa maola angapo, poona kuzizira kwa thupi, kumene magazi adikha, ndi kuuma kwa minofu. Kuuma kumeneku kumayamba pakapita maola ochepa munthu atafa, kumafika thupi lonse pakatha maola pafupifupi 12, ndipo kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, kuzizira kumachedwetsa. Mpata umenewu ndi mphatso kwa mlembi, chifukwa m'menemo ndi mmene oganiziridwa anu akunamira.

Chimodzimodzi ndi DNA, chizindikiro chachibadwa chimene chili m'thupi la munthu aliyense. Wasayansi Alec Jeffreys anatulukira njira yozindikirira munthu ndi DNA ku yunivesite ya Leicester mu 1984. Pamene njirayi inagwiritsidwa ntchito koyamba pa mlandu wakupha ku England mu 1986, chimene inayamba kuchita n'kumasula mnyamata amene anali atavomera kale mlandu umene sanapalamule. Wakupha weniweni anaweruzidwa mu 1988. Kuvomera mlandu sikutsimikiza kuti munthu anapalamuladi, kaya m'khoti kaya m'buku. Ndipo ngati nkhani yanu ikuchitika masiku ano, muyenera kuyankha mafunso amene wowerenga aliyense ali nawo: foni ya womwalirayo ili kuti, anaimbirana ndi ndani komaliza, panali kamera kapena ayi? Zipangizo zimenezi sizinaphe nkhani zaupandu. Zimauza wofufuza kumene foni inali, osati kuti inali m'dzanja la ndani, ndipo DNA ya wosunga mabuku mu ofesi imene amagwiramo ntchito tsiku ndi tsiku siitsimikiza kanthu.

Malamulo nawonso amasiyana dziko ndi dziko. Ku France milandu ikuluikulu imatsogoleredwa ndi woweruza wofufuza, pamene ku England apolisi amafufuza okha n'kupereka umboni kwa oimira boma pa milandu. Dziwani dongosolo la dziko limene nkhani yanu ikuchitikira: ndani ali ndi mphamvu yomanga, munthu angasungidwe nthawi yaitali bwanji asanaonekere kukhoti, belo imaperekedwa bwanji. M'mayiko ambiri milandu ya kukhoti imazengedwa poyera, ndipo tsiku limodzi lokhala chete kumbuyo mukumvetsera momwe mboni zimayankhira lidzakuphunzitsani kulemba zokambirana kuposa mafilimu ambirimbiri. Mudzaona kuti anthu sayankha funso limene afunsidwa. Amazemba, amakwiya, amawonjezera zosafunika, ndipo zoona zimapulumukira m'zowonjezerazo.

Pali mtundu wina wa nkhani umene umaonetsa wakupha kuyambira patsamba loyamba, ndipo funso limakhala lakuti agwidwa bwanji. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo nkhani zotere zimakoma chifukwa timaona chingwe chikufupika pang'onopang'ono kwa munthu amene akuyesa kuti wapulumuka. Ngakhale pamenepa pepala lobisika lija likufunikabe, popeza muyenera kudziwa cholakwa chimodzi chimene chidzamugwetse.

Mukamaliza kulemba koyamba, bwererani kumayambiriro ndi pepalalo m'manja. Chizindikiro chilichonse chimene wofufuza akutchula pomaliza, pezani tsamba limene munachiika. Ngati palibe, kachiikeni. Bodza lililonse limene mpangankhani ananena, onani ngati linamasulidwa. Maola onse agwirizane. Kenaka perekani nkhaniyo kwa owerenga awiri kapena atatu amene sakudziwa mathero ake, ndipo muwapemphe kuti pakutha pa mutu uliwonse azilemba dzina la amene akumukayikira ndi chifukwa chake. Onse akamutchula wakupha pofika mutu wachitatu, ndiye kuti kapu ija mwaiika poonekera kwambiri, ikankhireni m'kati mwa madandaulo ena. Akafika kumapeto n'kunena kuti panalibe njira yoti akanadziwira, onjezani chizindikiro china chimodzi chapakati pa buku, ndipo muwapatsenso anthu ena atsopano kuti awerenge.