Mpanda wa Mipando 76: Mbiri ya Kugawanika kwa Oyendetsa Ndege ku America

Munthu amene wagula tikiti ya Delta, United kapena American kuti anyamuke m'tauni yaing'ono ya ku America nthawi zambiri amakwera ndege yopakidwa utoto wa kampani imene wailipirayo, koma akayang'anitsitsa pambali pa chitseko amaona timalemba ting'onoting'ono totchula dzina lina, monga SkyWest, Republic, Endeavor kapena Envoy. Kampani ya m'timalembayo ndiyo inalemba ntchito anthu awiri amene akhala kutsogolo kwa ndegeyo. Anthuwa ali ndi ziphaso zofanana ndi za anzawo a ku kampani yaikulu, amatera pa mabwalo omwewo ndipo amalimbana ndi mphepo ndi chipale chomwecho, koma ali pa mgwirizano wina wa ntchito, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 malipiro awo anali otsika mochititsa manyazi. Kusiyana kumeneku kunamangidwa pang'onopang'ono pa zokambirana za malipiro, ndipo ena mwa amene anayala njerwa zake anali mabungwe a oyendetsa ndege eni akewo.

Bungwe lalikulu la oyendetsa ndege, la ALPA, linakhazikitsidwa mu 1931 motsogozedwa ndi David Behncke, pa nthawi imene makampani ankaumiriza anthu kuuluka nyengo itaipa kuti makalata afike msanga. Mu 1936 nyumba ya malamulo inaika makampani a ndege pansi pa lamulo la Railway Labor Act, lomwe linalembedwa mu 1926 poganizira za njanji. Pansi pa lamuloli mgwirizano wa ntchito sutha ngakhale zaka zake zitakwana, umangofika pa tsiku loti ukhoza kuunikidwanso, ndipo antchito amapitiriza kulandira malipiro akale kufikira watsopano utasainidwa. Kunyanyala ntchito nkoletsedwa kufikira bungwe la boma loyanjanitsa mbali ziwirizo, la National Mediation Board, litavomereza kuti zokambirana zafika pamwana wakana phala, kenaka pamadutsanso masiku 30 oti mitima izizire, ndipo ngakhale apo pulezidenti wa dziko ali ndi mphamvu yoimitsa sitalakayo. Chifukwa cha ichi zokambirana zimatha kutenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo amene amapindula ndi kuchedwako kawirikawiri ndi kampani.

Chinthu china chimene munthu ayenera kuchimvetsa asanaweruze mbali iliyonse ndi mndandanda wa ukulu pa ntchito, umene iwo amautcha seniority. Tsiku limene woyendetsa ndege walembedwa ntchito amapatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndiyo imalamula moyo wake wonse wa pa ntchito: mtundu wa ndege imene adzayendetse, mzinda umene adzagwirireko, masiku opuma, nthawi imene adzakwezedwe kuchoka ku mpando wa kumanja wa wothandizira kupita ku mpando wa kumanzere wa kaputeni, komanso amene adzayambe kuimitsidwa zinthu zikavuta. Nambalayi sisamuka. Kaputeni amene wagwira zaka 20 pa kampani ina akapita kwina amakayambira pansi penipeni ngati mwana wa dzulo. Choncho chaka chilichonse chimene munthu wataya ali ku kampani yaing'ono ndi chaka chimene wachotsa ku mapeto a ntchito yake ku kampani yaikulu, kumene malipiro amakhala atafika pachimake.

Kufikira chaka cha 1978 boma ndilo linkagawa njira za ndege ndi kuika mitengo ya matikiti, kotero makampani akakweza malipiro ankangokankhira mtengowo kwa okwera. Pulezidenti Jimmy Carter atasaina lamulo lochotsa ulamuliro umenewu mu Okutobala chaka chimenecho, mpikisano unabuka, ndipo makampani akuluakulu anayamba kusonkhanitsa maulendo awo pa mabwalo ochepa aakulu monga Atlanta, Chicago ndi Dallas. Mabwalo oterewa amafuna tindege tambiri totuta anthu m'matauni aang'ono. Njira yake inali itaonetsedwa kale mu 1967, pamene kampani ya Allegheny inapereka ena mwa maulendo ake aafupi kwa Henson Airlines kuti aziuluka m'dzina lake, ndipo mu 1984 kunabadwa American Eagle ndi Delta Connection. Pa nthawiyo oyendetsa ndege a makampani akuluakulu sanadandaule kwenikweni, chifukwa tindegeto tinali ta mapulopela, ta mipando 19 kapena 30, ndipo ntchito yake ankaiona ngati ya anyamata ophunzira, yosayenera kuilimbirana.

Maganizo amenewo anatembenuzika mu 1993, pamene kampani ya Comair ya ku Cincinnati inayamba kuulutsa jeti ya mipando 50 yopangidwa ndi Bombardier ku Canada. Jeti imeneyi inkatha kuuluka mtunda umene kale unali wa ndege zikuluzikulu, okwera anaikonda, ndipo oiyendetsa ankalandira kachigawo chabe ka malipiro a anzawo a Delta. Apa ndi pamene chiganizo china cha m'migwirizano, chotchedwa scope clause, chomwe chili ngati mpanda pakati pa magulu awiriwa a oyendetsa ndege, chinakhala mtima wa mkangano wonse. Chiganizochi chimanena kuti ntchito yonse youlutsa ndege m'dzina la kampani ndi ya oyendetsa ndege a pa mndandanda wa kampaniyo, kupatula ndege za kukula kwakutikwakuti ndi chiwerengero chakutichakuti, zimene kampani ikhoza kupereka kwa ena. Mu Febuluwale 1997 oyendetsa ndege a American, amene ali ndi bungwe lawolawo la Allied Pilots Association, ananyanyala ntchito, ndipo limodzi mwa madandaulo awo linali loti majeti aang'onowo aziwayendetsa iwo. Pulezidenti Bill Clinton anaimitsa sitalakayo patangopita mphindi zochepa, ndipo mgwirizano umene unatsatira unasiya majetiwo m'manja mwa American Eagle. Makampani enanso anachita chimodzimodzi. Mabungwe analandira malipiro okwera kwa mamembala amene analipo posinthana ndi ntchito ya amene anali asanalembedwe, potsata nzeru yakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene analakwitsa koposa m'mbiri yawo yonse.

Oyendetsa ndege a Comair, amene kampani yawo inali itagulidwa ndi Delta, anayesa kuthyola mpandawo ndi mphamvu zawo. Pa 26 Malichi 2001 anthu oposa 1,300 anaika pansi ntchito, akufuna malipiro ogwirizana ndi majeti amene ankayendetsa, penshoni yolipiridwa ndi kampani, ndi nthawi yokwanira yopuma pakati pa maulendo. Kwa masiku 89 ndege za Comair sizinanyamuke, bwalo la Cincinnati linachita zii, ndipo Delta inataya ndalama zankhaninkhani. Mu Juni anabwerera ku ntchito ndi mgwirizano umene unali wabwino kuposa wa kampani ina iliyonse yaing'ono ya m'zigawo. Koma Delta inatolapo phunziro lake: isadzalolenso kuti bwalo limodzi lidalire kampani yaing'ono imodzi. Inayamba kugawa maulendo pakati pa makampani angapo, kotero kuti ina ikanyanyala, ina imatseka mpatawo. Comair, imene tsopano inali yodula kuposa anzake, inayamba kulandidwa ndege imodziimodzi, antchito ake anadulidwa malipiro Delta itagwa m'ngongole, ndipo pa 29 Sepitembala 2012 inatsekedwa. Makaputeni ake akale amene anafuna kupitiriza ntchito anakayambiranso pansi pa mindandanda ya eni. Nkoyeneranso kukumbukira kuti ena mwa oyendetsa ndege a Comair anasumira ku khoti ALPA yeniyeniyo, imene inkaimira iwo komanso anzawo a Delta, ponena kuti bungwe limodzi silingaimire moona mtima amene akumanga mpanda ndi amene akutsekeredwa kunja kwake.

Zigawenga zitaphulitsa nyumba pogwiritsa ntchito ndege pa 11 Sepitembala 2001, makampani akuluakulu anagwa motsatizana: US Airways ndi United mu 2002, Delta ndi Northwest tsiku limodzi mu Sepitembala 2005, ndipo American mu 2011. Ku khoti loona za ngongole mabungwe analibe polimbira. Malipiro anadulidwa kwambiri, mapenshoni a ku United ndi US Airways anathetsedwa, anthu zikwi anaimitsidwa ntchito, ndipo mpanda uja unasunthidwa kuchoka pa mipando 50 kufika pa 70, kenaka pa 76. Pofika cha m'ma 2010 pafupifupi theka la maulendo onse a m'dzikomo linkayendetsedwa ndi makampani a m'zigawo. Makampaniwa sagulitsa matikiti. Amalipidwa ndi kampani yaikulu pa ulendo uliwonse, ndipo kontirakiti imapita kwa amene watchula mtengo wotsika, choncho bungwe lililonse likapempha malipiro okwera limauzidwa kuti ndege zipita kwa anzawo otsika mtengo. Mu 2007 zaka zopumira pa ntchito zinakwezedwa kuchoka pa 60 kufika pa 65, ndipo mzere wokwezedwa pa ntchito unaima kwa zaka zisanu. Anthu amene ankaganiza kuti adzangodutsa ku makampani aang'ono kwa zaka ziwiri kapena zitatu anakhalako zaka khumi ndi kuposerapo.

Moyo umenewu unaonekera poyera usiku wa pa 12 Febuluwale 2009, pamene ndege ya Colgan Air, youluka m'dzina la Continental kuchokera ku Newark, inagwera nyumba ku Clarence Center pafupi ndi Buffalo ndi kupha anthu 49 amene analimo ndi mmodzi wa m'nyumbamo. Ofufuza anapeza kuti liwiro la ndegeyo linatsika kwambiri, ndipo chiwongolero chitayamba kunjenjemera pochenjeza, kaputeni anachikokera kumbuyo m'malo mochikankhira kutsogolo. Koma chimene chinagwira anthu mtima pa zofufuzazo chinali nkhani ya wothandizira wake, mayi wa zaka 24, amene chaka chapitacho anali atalandira madola pafupifupi 16,000. Ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, ku mbali ina ya dziko, ndipo usiku wotsogolera tsikulo anautha ali m'ndege zonyamula katundu, kudutsira ku Memphis, kuti akafike ku Newark m'mawa, kumene anakapumira pa mpando wa m'chipinda cha antchito. Sanali yekha wokhala chotero. Oyendetsa ndege amalipidwa maola okhawo amene ndege yachoka pa geti kufikira itaima pa geti lina, kawirikawiri maola 75 kapena 80 pa mwezi, ndipo ambiri ankagona mothithikana m'tizipinda ta lendi pafupi ndi mabwalo, ali ndi ngongole zikuluzikulu za sukulu youlutsa ndege.

Abale a anthu amene anafawo sanapume. Anapita ku Washington mobwerezabwereza kufikira lamulo latsopano litasainidwa pa 1 Ogasiti 2010. Kuyambira mu 2013 wothandizira kaputeni anayenera kukhala ndi maola 1,500 ouluka m'malo mwa 250 akale, ngakhale kuti ochokera ku usilikali amaloledwa ndi maola 750 ndipo omaliza maphunziro ena a ku yunivesite ndi 1,000 kapena 1,250. Malamulo atsopano a nthawi yopuma anayamba mu Januwale 2014. Makampani a m'zigawo akhala akunena kuti oyendetsa ndege awiri a Colgan aja anali ndi maola oposa 1,500, choncho lamulolo silikhudza chimene chinagwetsa ndegeyo, ndipo pa chiwerengerocho sanama. Komabe lamuloli linachita chinthu chimene sitalaka ya masiku 89 inalephera, chifukwa linaphwetsa chitsime cha achinyamata otsika mtengo chimene makampaniwa ankatungapo. Republic inapita ku khoti la ngongole mu 2016 ikudandaula za kusowa kwa oyendetsa ndege, ndipo Great Lakes inasiya kuuluka mu 2018.

Mliri wa Covid-19 unamalizitsa ntchitoyo. Makampani akuluakulu anapumitsa msanga anthu zikwi mu 2020, ndipo anthu atayambiranso kuyenda, anathamangira ku makampani aang'ono kukatenga makaputeni awo. Mu 2022 American inanena kuti ndege zake za m'zigawo pafupifupi 100 zinali zitangoima chifukwa chosowa oziyendetsa, ndipo inasiya kupita ku mizinda monga Toledo ndi Dubuque. Mu Juni chaka chimenecho Piedmont ndi Envoy, makampani a American, anakweza malipiro a wothandizira wa chaka choyamba kuchoka pa madola pafupifupi 51 kufika pa 90 pa ola, ndipo ena onse anatsatira poopa kutsala opanda antchito. Republic inapempha kuti ophunzira a sukulu yake aziloledwa ndi maola 750, koma bungwe la boma loyang'anira za ndege, la FAA, linakana. Ku makampani akuluakulu nako mabungwe anakolola: Delta inasaina mu Malichi 2023 mgwirizano wokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, American ndi United zinatsatira chaka chomwecho, ndipo Southwest inamaliza mu Januwale 2024.

Malipiro amenewa ndi oyenera, koma chodetsa nkhawa nchakuti anabwera chifukwa cha kuchepa kwa anthu, pamene kamangidwe ka ntchitoyo sikanasinthe. Mindandanda idakali iwiri, makontirakiti akupitabe kwa wotsika mtengo, ndipo ngakhale ku makampani amene ali ndi pangano loti munthu azikwera yekha kupita ku kampani yaikulu nthawi yake ikakwana, zaka zimene anagwira kumunsiko sizimutsatira pa mndandanda watsopano. Mu 2024 makampani akuluakulu anachepetsa kulemba anthu chifukwa Boeing inkachedwa kupereka ndege, ndipo mzere unayambanso kuyenda pang'onopang'ono. Mpanda nawo udakali pa mipando 76 ndi kulemera kwa mapaundi 86,000, ndipo mabungwe anakana kuusuntha pa zokambirana za 2023. Mphamvu yake imafika mpaka ku mafakitale a kunja: Embraer ya ku Brazil inaimitsa mu 2022 ntchito yokonza ndege yake yatsopano ya E175-E2, imene imamwa mafuta ochepa koma ndi yolemera kuposa malirewo, ndipo Mitsubishi ya ku Japan inathetseratu ntchito ya jeti yake mu 2023. Embraer ikupangabe E175 yakale ija, chifukwa ndiyo imene imakwanira mkati mwa chiganizo chimene oyendetsa ndege a Delta, United ndi American analemba m'migwirizano yawo.