Kodi kusamalira chilengedwe ndi ntchito ya mpingo?

Mkulu wa mpingo wina, munthu wokhwima m'chikhulupiriro amene ndimamulemekeza, anandifunsa pamsonkhano wa atsogoleri kuti n'chifukwa chiyani ife aphunzitsi a zaumulungu tayamba kulankhula za mitengo, mitsinje ndi nthaka, pamene ntchito ya mpingo ndi kukoka miyoyo ya anthu kuti ikalowe kumwamba. Anawonjezera kuti nkhani za chilengedwe ndi za boma ndi mabungwe, ndipo kuti dziko lino lidzapsa ndithu tsiku lomaliza. Funso limeneli si la munthu mmodzi. Lili m'mitima ya Akhristu ambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa kuchokera m'Malemba ndi m'mbiri ya mpingo, chifukwa kumeneko ndi kumene linachokera.

Tiyambe ndi mlandu umene Chikhristu chinaimbidwa. M'chaka cha 1967, katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Lynn White, analemba kuti Chikhristu cha kumaiko a azungu chili ndi gawo lalikulu pa kuwonongeka kwa chilengedwe, chifukwa chinaphunzitsa munthu kuti zolengedwa zonse zilipo kuti zimutumikire iye basi. Anadalira kwambiri nkhani ya chilengedwe ya m'buku la Genesis, pamene pa mutu 1 ndime 28 Mulungu akupatsa munthu ulamuliro pa nsomba, mbalame ndi zamoyo zonse. Akhristu ambiri anakwiya nawo mawu amenewa, koma ine ndimaona kuti anatichitira zabwino, pakuti anatikakamiza kubwerera m'Baibulo ndi kuwerenga bwinobwino zimene tinkangolumpha.

Tikatsegula mutu wachiwiri wa Genesis, pa ndime 15, tikupeza munthu ataikidwa m'munda wa Edeni kuti aulime ndi kuuyang'anira. M'Chihebri mawu awiriwa ndi abad ndi shamar. Loyamba limatanthauza kulima, komanso kutumikira. Lachiwiri limatanthauza kusunga kapena kulondera. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu awiri omwewa akupezekanso pamodzi m'buku la Numeri, mutu 3, pofotokoza ntchito ya Alevi pa chihema chopatulika. Ndiye kuti wolemba Genesis akumuonetsa munthu woyamba ngati wotumikira pamalo oyera, amene wapatsidwa udindo pa chinthu cha mwini wake. Ngakhale dzina lake likunena zomwezo: adam anaumbidwa kuchokera ku adamah, kutanthauza dothi. Ulamuliro wa pa mutu 1 uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi utumiki wa pa mutu 2, monga momwe kwathu kuno mfumu ya m'mudzi imagawira malo koma siingawagulitse mwakufuna kwake, popeza malowo ndi a mtundu wonse, kuphatikizapo ana amene sanabadwe.

Malemba ena amapitiriza mzere womwewu. Pangano la utawaleza pa Genesis 9 silinapangidwe ndi Nowa yekha, koma ndi zamoyo zonse zimene zinatuluka m'chingalawa. Levitiko 25 amalamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo amaletsa kugulitsa malo mpaka kalekale chifukwa dziko ndi la Mulungu ndipo anthu ndi alendo pamenepo. Paulo, pa Aroma 8, akunena kuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi amene ali m'matenda a uchembere, kudikira kumasulidwa, ndipo pa Akolose 1 akuti zinthu zonse zinalengedwa mwa Khristu ndipo zikuyanjanitsidwa ndi Mulungu kudzera mwa iye.

Nanga zakuti dziko lidzapsa? Apa mpofunika kudekha, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaimapo. Ndime yake ndi 2 Petro 3:10. Mabaibulo akale ambiri amamaliza ndimeyi ponena kuti dziko ndi ntchito zake zidzatenthedwa, koma mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigriki, monga Sinaiticus ndi Vaticanus, ili ndi liwu lotanthauza kuti zidzapezeka, kapena kuti zidzaonekera poyera. Pa mutu womwewo Petro akufanizira chiweruzo chikubwerachi ndi chigumula cha nthawi ya Nowa, ndipo tikudziwa kuti chigumula chinatsuka dziko koma sichinalifafanize. Kenako akulonjeza kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Buku la Chivumbulutso nalo likutha ndi mzinda woyera ukutsika pansi pano, muli mtsinje ndi mtengo wa moyo. Mpingo umakhulupirira kuuka kwa thupi, ndipo palibe Mkhristu amene amaleka kupita kuchipatala ndi mwana wake chifukwa chakuti thupi lidzafa. Maganizo omwewo ndi oyenera pa dziko limene thupilo linachokera.

Mipingo ya padziko lonse inafika pa mfundo imeneyi kudzera m'njira zosiyana. Bungwe la World Council of Churches, pa msonkhano wake wa ku Vancouver mu 1983, linapempha mipingo kuti igwirizane pa chilungamo, mtendere ndi kusunga chilengedwe. Mu 1989, Patriyaki Dimitrios wa ku Constantinople, mtsogoleri wamkulu mu mpingo wa Orthodox, anakhazikitsa 1 Seputembala kukhala tsiku lopempherera chilengedwe mu mpingowo, ndipo wolowa m'malo mwake, Bartholomew, ananena poyera ku Santa Barbara, ku America, mu 1997 kuti kuwononga chilengedwe ndi tchimo. Liwu lakuti tchimo ndi lolemera, chifukwa limachotsa nkhaniyi m'manja mwa alangizi okha n'kuiika pamalo a kulapa. A Anglican anaika kusamalira chilengedwe ngati chizindikiro chachisanu cha utumiki wawo mu 1990. Mipingo ya Reformed, banja limene CCAP ilimo, inasonkhana ku Accra mu 2004 n'kuvomereza kuti chuma chopondereza osauka ndi kuwononga dziko ndi nkhani yokhudza chikhulupiriro chenichenicho. A Evangelical anatsimikiza zofanana pa msonkhano wa bungwe lawo la Lausanne ku Cape Town mu 2010. Kenako mu 2015 Papa Francis anatulutsa kalata yake ya Laudato Si', imene inatcha dziko kuti mudzi wathu tonse ndipo inaumirira kuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka sizingamvedwe padera.

Komabe zikalata za misonkhano sizindigwira mtima monga zimene Akhristu a ku Africa kuno achita ndi manja awo. Kumapiri a kumpoto kwa Ethiopia, kumene nkhalango zambiri zinatha kalekale chifukwa cha ulimi ndi ziweto, mitengo yachilengedwe yatsala mozungulira matchalitchi a Orthodox. Munthu akayang'ana ali m'mwamba amaona timadontho tobiriwira pakati pa minda youma, ndipo pakati pa kadontho kalikonse pali tchalitchi. Akhristu akumeneko amaiona nkhalangoyo ngati chovala cha nyumba ya Mulungu ndiponso chikumbutso cha Edeni, choncho saidula. Katswiri wa nkhalango Alemayehu Wassie wagwira ntchito ndi ansembe pomanga mipanda ya miyala kuti ng'ombe zisadye timitengo tongomera. Ife sitingadabwe nazo, chifukwa m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati cha Malawi malo okhawo amene atsala ndi mitengo ikuluikulu ndi kumanda. Chimene anthu amachiyesa chopatulika chimapulumuka ku nkhwangwa ngakhale nkhuni zitasowa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabwalo a matchalitchi athu ambiri ndi dothi losesedwa lokhalokha.

Ku Masvingo, m'dziko la Zimbabwe, mipingo ya Ziyoni ndi ya Apostoli inapita patsogolo kuposa pamenepo. Mothandizana ndi mphunzitsi wa zaumulungu Marthinus Daneel, cha m'ma 1990 inayambitsa mwambo wa Mgonero wa Ambuye wophatikiza ndi kubzala mitengo. Asanalandire mkate, Akhristu ankaulula machimo awo pa nthaka, monga kudula mitengo osabzala ina ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje, ndipo akatha kulandira ankapita kukabzala mbande.

Pali chinthu chimodzi chimene mlaliki ayenera kusamala nacho. N'zosavuta kuima pa guwa n'kudzudzula wootcha makala, amene nthawi zambiri amakhala bambo wosauka wokankha njinga mtunda wautali kuti ana ake adye, pamene ogula makalawo ndi ife tomwe a m'tauni, ndipo matchalitchi athu ambiri anamangidwa ndi njerwa zootchedwa ndi mitengo yambirimbiri. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu Malichi 2023, amene anafa anali anthu amene umphawi unawakankhira kukamanga m'malo otsetsereka, m'dziko limene limatulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri poyerekeza ndi maiko olemera. N'chifukwa chake mpingo wa padziko lonse, popeza ndi thupi limodzi, uli ndi udindo wolankhula kwa Akhristu a ku London ndi ku Chicago za moyo wawo, monga momwe umalankhulira kwa Mkhristu wa ku Neno za nkhwangwa yake.

Masiku ano mipingo yambiri imasunga Nyengo ya Chilengedwe kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira Francis Woyera wa ku Assisi. Kwathu kuno nthawi imeneyi imagwa m'chilimwe, pamene mtengo wobzalidwa ungaume sabata isanathe, ndipo nyengo yobzala mitengo imayamba mu Disembala mvula ikakhazikika. Choncho mpingo wofuna kusunga nyengoyi mwanzeru ungagwiritse ntchito masabata amenewa kukonza nazale, kulambula njira zotchinga moto wolusa ndi kuphunzitsa achinyamata kuipa kotentha tchire posaka mbewa, kuti mvula ikadzagwa mbande zidzakhale zitakula mokwanira kupita m'maenje.