Hughes anamva mafunde a wailesi mu 1879, koma anakhala chete

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata ntchito yokonza mawailesi, yankho limene landitopetsa ndi lakuti Guglielmo Marconi ndiye anatulukira wailesi, ngati kuti anangodzuka m'mawa wina n'kuitola pakhomo. Marconi anachita zazikulu kuyambira mu 1895, koma anapeza ena atalambula kale njira, ndipo amene nkhani yake imandipweteka mtima mpaka lero ndi David Edward Hughes.

Hughes anabadwa mu 1831, ndipo banja lawo linasamuka ku Britain kupita ku America iye ali mwana. Anayamba ndi kuphunzitsa nyimbo ku Bardstown, m'chigawo cha Kentucky, ndipo mu 1855 analembetsa umwini wa makina a telegalafu okhala ndi mabatani onga a piyano, amene ankasindikiza zilembo zenizeni papepala m'malo mwa timadontho ndi timizere ta Morse. Makinawo anafalikira m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndipo anamulemeretsa. Mu 1878 anapanganso maikolofoni ya makala, koma anakana kulembetsa umwini wake kuti aliyense aigwiritse ntchito.

Chaka chotsatira, akuyesa zipangizo zake kunyumba kwake ku London, anazindikira kuti magetsi akathetheka pamalo pamene waya sanalumikizike bwino, foni ina imene sinali yolumikizidwa ndi waya uliwonse ku chipangizocho inkalira kuti thethe. Sanachinyalanyaze chinthucho. Anamangirira kachipangizo kake ka makala ku foniyo n'kumayenda nayo mumsewu wa Great Portland Street ili kukhutu, ndipo ankamvabe kulirako ali pamtunda wa mamita pafupifupi 450. Pa 20 February 1880 anaonetsa zimenezi kwa akuluakulu a bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, omwe ndi William Spottiswoode, Thomas Henry Huxley ndi George Gabriel Stokes. Stokes anagamula kuti panalibe chachilendo, inali mphamvu ya maginito yodziwika kale imene waya wodutsa magetsi amapatsira waya woyandikana naye.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti ophunzira anga atchere khutu. Mphamvu imene Stokes ankanenayo imazilala msanga kwambiri munthu akamatalikira, pamene mafunde a wailesi amachoka pa gwero lake n'kupita kutali, monga mmene wasayansi James Clerk Maxwell anali atasonyezera kale m'masamu ake. Mtunda umene Hughes anayendawo unali umboni wofunika kuutsatira. Iye anagwa ulesi, sanafalitse zimene anapeza, ndipo zaka zinangodutsa mpaka wasayansi Heinrich Hertz, ku Karlsruhe m'dziko la Germany, anayeza mafundewo mu 1887 ndi 1888, nasonyeza kutalika kwake ndiponso kuti amabwerera akagunda chitsulo.

Ena akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti Hughes anaberedwa, ndipo kumeneko n'kulakwitsanso. Iye anamva mafunde koma sanawayeze mokhutiritsa, ndipo chimene chinamutayitsa mwayi kwenikweni ndi kuzengereza. Ndaonapo achinyamata aluso akubisa chipangizo chawo m'katoni chaka chathunthu chifukwa munthu mmodzi wamkulu anapukusa mutu. Ndaonanso anthu ena oipirapo, amene amayendayenda ndi kabokosi komata n'kumati kamatulutsa magetsi popanda gwero lililonse, koma ukatulutsa mita yoyezera amakwiya n'kuyamba kunena za nsanje. Oterewa asadziyerekeze ndi Hughes, pakuti iye anaitana yekha akatswiri kuti adzaone ndi kumutsutsa, ndipo ankalemba zoyesa zake m'mabuku.

Nkhani ya zoyesazo inadzamveka poyera mu 1899, Marconi atatchuka kale, pamene wolemba mbiri ya telegalafu John Joseph Fahie anamufunsa Hughes ndipo iye anayankha m'kalata. Hughes anamwalira pa 22 January 1900, atasiyira zipatala za mu London gawo lalikulu la chuma chake, ndipo zipangizo zimene ankayesera mafundewo zikusungidwa kunyumba yosungiramo zinthu zakale za sayansi ya Science Museum mumzinda womwewo.